Sitampa ya Munthu Mmodzi

Glenda Thirkell anabwera kwanga Lachiwiri lina la mwezi wa Okutobala, msika wa ku Rostrenen utangobalalika, atapanira chitini cha mabisiketi m'khwapa. Inali sabata yachisanu chiikireni mwamuna wake, Malcolm. Kunja kunali kamvula kathu ka kuno ku Brittany, kwa Afalansa, kosadziwika poyambira ngakhale pothera, ndipo iye anaima pakhomo n'kumapukuta nsapato ngati kuti matope ake ndi a chaka chonse.

"A Loya, mulipo? Ndabwera ndi mlandu."

"Lowani alamu. Madzi a tiyi ali pamoto."

Ine si loya. Dzina langa ndine Desmond Pallister, ndipo ntchito yanga inali yowotcherera zitsulo pa doko la kwathu ku Hartlepool, mpaka pamene anasiya kulemba anthu. Kungoti ndili mnyamata ndinaphunzirako kulemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama ku sukulu yamadzulo, zaka zitatu, ndikaweruka ku ntchito. Nditasamukira kuno ndinakakhalanso pa benchi kuphunzira Chifalansa. Choncho Mngelezi aliyense wa m'midzi ino akalandira envulopu ya khaki yomusowetsa mtendere amathamangira nayo kwa ine. Dzina loti Loya anandipatsa ndi Malcolm, mwachipongwe, ndipo linakanirira.

Malcolm anali mmisiri wa nyumba za miyala. Iye ndi Glenda anafika kuno mu 1991, ndipo madenga ambiri a m'dera lino anadutsa m'manja mwawo. Ndikuti m'manja mwawo chifukwa Glenda ndiye ankakanda laimu womangira, kukweza miyala yofolera denga pa makwerero, kupenta ndi kuyankha foni. Koma pa mapepala a boma, a kuno ngakhale a kwathu, mmisiri anali mmodzi. Mkazi ankangothandiza mwamuna wake, basi, ndipo mabanja ambiri ankachita chimodzimodzi. Ana analibe. Malcolm anagwa ali pa ntchito mu Seputembala, mtima utaima, ali ndi zaka 64, mpeni womangira uli m'manja.

Glenda anaika chitini patebulo, n'kutulutsa kalata m'thumba la jekete.

"Ndaiwerenga katatu. Ndiwerengereni inuyo, mwina Chingelezi chasintha chichokereni ine kumudzi."

Inali yochokera ku ofesi ya penshoni kwathu. Kwathuko munthu akakhala pa ntchito amadulidwa kangachepe ka penshoni ya boma. Timangoti sitampa, ngakhale kuti masitampa enieni omata pa khadi anatha tidakali achinyamata. Ukatuluka m'dziko palibe amene amakudula, koma ukhoza kumalipira wekha mwa kufuna kwako, chaka ndi chaka, kuti zaka zako zisaduke. Kalatayo inkanena mwaulemu kuti Glenda ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha, zimene anagwira ku fakitale yosoka malaya asanakwatiwe. Inkanenanso kuti munthu wosakwanitsa zaka khumi salandira kalikonse, ndi kuti zaka za malemu mwamuna wake sizingawerengedwe ngati zake.

Ndinawerenga mokweza mpaka kumapeto, siginecha ndi zonse, kuti ndichedwe kudzutsa mutu.

"Ndiye kuti Chingelezi sichinasinthe," anatero Glenda. Anatsegula chitini chija. "Onani umu. Epulo aliyense ankavala malaya oyera ngati akupita ku ukwati, n'kupita ku positi ofesi. Akabwera ankati, 'Abwana, sitampa ndalipira, tidzadya tili khale.' Tidzadya, a Loya. Ife. Tsopano werengani dzina."

Munali malisiti khumi ndi anayi, osanjidwa bwino, lililonse ndi chaka chake. Pa lililonse panali dzina limodzi: M. Thirkell.

"Zaka makumi anayi ndi zitatu ndili naye. Manja awa," anawatambasula, ong'aluka ndi laimu, "amanga Brittany yense. Koma pofika pa ukalamba, bambowo anadziwerengera okha."

Madzi anawira, ndipo iye anaimirira yekha kukathira tiyi, poti khitchini yanga ankaidziwa ngati yake. Ine ndinapitiriza kutulutsa mapepala. Pansi penipeni, kunsi kwa lisiti la 2005, panali pepala lopindidwa kanayi. Ndinalifunyulula pang'ono. Inali fomu yopemphera kulipira sitampa uli kunja, yolembedwa ndi dzanja la Malcolm, zilembo zikuluzikulu zopendekeka: GLENDA ROSEMARY THIRKELL, tsiku lobadwa, nambala yake. Ndinaitembenuza. Kumbuyo kwake kunali masamu a pensulo, ndipo pansi pa masamuwo panali mawu atatu otsekedwa mzere: Glenda, palibe chifukwa.

Dzanja limenelo linali langa.

Glenda anali atandifulatira, akufunafuna shuga. Ndinapinda fomuyo n'kuilowetsa m'thumba la juzi. Sindinaganize n'komwe. Dzanja linangochita lokha, ngati mmene limachitira likakhudza chitsulo chamoto.

Tsiku limene ndinalemba mawuwo ndimalikumbukira bwino. Munali mu Malichi 2005, m'kanyumba ka khofi koyang'anizana ndi tchalitchi. Malcolm analowa fumbi lili mbuu m'tsitsi, n'kuponya mafomu awiri patebulo.

"Loya, tandionera izi. Imodzi yanga, imodzi ya abwana. Ndalemba ndekha, usaseke."

"Walemba ngati nkhuku yaponda inki."

"Bola zikuwerengeka. Uone ngati sindinalakwitse, mawa ndikatumize. Makamaka ya Glenda'yo. Ine ndi fumbi lili m'chifuwamu sindidzafika patali, koma uyo adzakwana zaka zana, ngati mayi ake, akundinenabe."

Ndinatenga pensulo. Ndinamufotokozera kuti yake ndi yotchipa chifukwa iye ali pa ntchito yolembetsedwa, pamene ya mkazi wosalembedwa paliponse ndi yodula kuwirikiza katatu. Ndinamuuzanso zimene aliyense ankadziwa, zimene zinachitikira amayi anga ndi amayi ake omwe: mkazi amalandira pa zaka za mwamuna wake, ndipo akakhala wamasiye amatenga yonse.

"Ukalipira yako, walipirira nonse awiri. Ukalipiranso ya alamu, ukungolemeretsa boma."

"Ukunenetsa?"

"Ndinapitiranji ku sukulu yamadzulo?"

"Kukasaka akazi, tonse timadziwa." Anaseka, koma anayang'anabe fomu ija. "Ndalama ndasunga kale, Dez. Zisandipweteke mawa."

"Kagulire matayala galimoto lako lisanakuphe. Nkhani ya Glenda yatha." Ndipo ndinalemba mawu atatu aja, n'kutseka mzere.

Pa nthawiyo sindinaname. Lamulo linalidi lotero. Koma mu 2016 linasintha: aliyense wofika pa msinkhu wa penshoni kuyambira chaka chimenecho anayenera kudalira zaka zake yekha. Ndinawerenga zimenezi, sindingakane. Mkazi wanga Noreen anali atamwalira kale zaka zinayi m'mbuyomo, choncho kwa ine zinalibe kanthu. M'mawa wina ndikumeta ndevu, Malcolm anandibwerera m'mutu, ndipo ndinati ndikamuuza Lachiwiri ku msika. Lachiwirilo ndinamupeza akusimba za munthu wina wa ku Paris amene ankafuna chimbudzi pamwamba pa khola la nkhumba, anthu ali kikiki, ndipo ndinati si nthawi yake. Lachiwiri linalo kunagwa mvula. Kenako nkhaniyo inamira pansi pa nkhani zina. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma wokwawa sanali ine.

Glenda anabweretsa makapu awiri.

"Mwapezamo kanthu?"

"Malisiti okhaokha," ndinatero.

Kenako ndinachita ntchito yanga ya uloya. Ndinamuuza kuti zonse sizinatayike. Akhoza kulipira zaka za m'mbuyo, zosapitirira zisanu ndi chimodzi, ndipo zinayi zokha zikhoza kumufikitsa pa khumi. Kulipira chaka chimodzi ndi mapaundi pafupifupi 800. Sadzalandira zambiri, mwina zogulira nkhuni ndi buledi, koma pophatikiza ndi gawo la kapenshoni ka Malcolm ka kuno, nyumba sangagulitse. Ndinkalankhula mofatsa, ndi manambala, ngati munthu wa manja oyera.

"Ndiye ndigule ndekha zimene iye akanandigulira," anatero. "Chabwino. Mwala wa pamanda uja ndauletsa dzulo. Ndalama yake ndi sitampa ziwiri. Agone choncho, ndi kamtanda ka thabwa. Munthu wodziwerengera yekha adziikire yekha mwala."

"Alamu, musafulumire. Mwina panali chifukwa."

"Chifukwa chanji? Inu munali mnzake. Anakuuzanipo kanthu?"

Ndinauzira tiyi wanga. "Papita nthawi," ndinatero. "Sindikukumbuka bwino."

Atapita ndinaika fomu ija m'kabati ya mbale, kuseri kwa mbale za Noreen zimene sindigwiritsa ntchito. Ndinadziuza kuti ndimuuza mtima wake ukatsika. Ndinadziuzanso kuti kumuuza sikubweza ndalama ngakhale imodzi, ndipo iye akufunika munthu womulembera makalata, woti azimukhulupirira. Maganizo amenewa ankaoneka anzeru ndithu. Munthu ukaphunzira pang'ono umatha kupezera mantha ako mayina abwino.

Pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, ndinapita ku manda ndi mphika wa maluwa achikasu wokamuikira Noreen. Manda onse anali waliwali, mabanja atavala zakuda akutsuka miyala ndi maburashi, ana akutunga madzi pa mpopi wa pachipata. Kumapeto, pafupi ndi mpanda, panali manda a Malcolm, mulu wa dothi lofiira, kamtanda ka thabwa katayamba kale kupendekeka. Panalibe duwa ngakhale limodzi.

Mayi Kervella, amene munda wawo unagundana ndi wa a Thirkell, anandipeza nditaima pomwepo. Ndi gogo wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wosadziwa kunong'ona.

"Bambo Desmond, kodi kwanu akufa mumangowataya ngati mbatata zoola? Munthu uyu anandikonzera denga osalandira kanthu. Mkazi wake ali kuti?"

"Sakupeza bwino, mayi."

"Sakupeza bwino? Ndamuona m'mawa akuwaza nkhuni ngati mnyamata."

Ndinatuluka, n'kukagula mphika wina kwa wogulitsa wa pachipata, wa maluwa ofiirira, poti achikasu anali atatha. Ndinauika pa dothi paja, ndinawongola mtanda, ndipo ndinaima kanthawi chipewa chili m'manja. Ndinkafuna kunena kanthu, koma ndinkangomva mawu ake aja: zisandipweteke mawa.

M'mudzi waung'ono nkhani siigona. Tsiku lotsatira masana, Glenda anaimitsa galimoto la Malcolm pakhomo panga, injini osazimitsa. Anatsitsa galasi.

"Ndi inu mwaika maluwa?"

"Ndi ine."

"Ndani anakutumani?"

"Anthu amalankhula, alamu."

"Alankhule. Akadzatopa adzandilipirira sitampa." Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuyang'ana kutsogolo. Ndinaona kuti mphete inalibe pa chala, panangotsala kamzere koyera. "Mukudziwa chimene chikundichitikira, a Loya? Si ndalama ayi. Ndalama ndizipeza, ndigulitsa makina osakanizira laimu ndi makwerero. Koma ndayamba kukumbukira zonse mwatsopano. Chaka chija anagula matayala anayi atsopano nthawi imodzi, ine ndikuyenda ndi nsapato zobooka. Ulendo uja anapita yekha ku ukwati wa mng'ono wake, ati tikiti ya sitima ndi yodula. Ngakhale nthabwala zake. Abwana, abwana. Kodi ankandiseka? Ndikatsegula chitseko chilichonse m'mutu mwangamu ndikupezamo munthu wina, wosamudziwa. Anafa kamodzi mu Seputembala, koma tsopano akufa tsiku lililonse, ndipo ndikumupha ndine."

Sanalire. Anakweza galasi n'kubwerera chammbuyo mpaka ku msewu.

Matayala aja ndinali nditawaiwala.

M'mawa mwake ndinatenga fomu ija kuseri kwa mbale n'kuyenda wapansi mtunda wa makilomita atatu kupita kwawo. Galimoto ndinalisiya dala, kuti ndisapeze potembenukira msanga. Ndinamupeza pabwalo atavala ovolosi ya Malcolm, yopinda m'miyendo, akutsuka makina a laimu ndi paipi ya madzi. Wogula anali woti abwera Loweruka.

"Mwabwera wapansi? Galimoto lafa?"

"Zimitsani madziwo, alamu. Ndili ndi chinthu chanu."

Anazimitsa, n'kupukuta manja pa ovolosi. Ndinamupatsa pepalalo lili chipindire. Analifunyulula, ndipo ndinaona maso ake akuyenda pa zilembo zija pang'onopang'ono, ngati mwana wophunzira kuwerenga dzina lake.

"Ili ndi dzanja la Malcolm."

"Ndi lake. Anabwera ndi mafomu awiri mu 2005, ndalama atasunga kale. Yanuyi ndi imene ankaiumirira kwambiri. Tembenuzani."

Anatembenuza. Dzanja langa amalidziwa, lamulembera makalata zaka zambiri.

"Ndinamuletsa ndine. Ndinamuuza kuti yake ikukwanirani nonse, ndipo pa nthawiyo zinali zoona. Ndinamuuza kuti ndalamayo akagulire matayala. Lamulo litasintha ndinadziwa, ndinati ndimuuza, koma sindinamuuze. Iye anafa akukhulupirira kuti wakusiyirani penshoni yonse. Epulo aliyense ankalipirira inu."

Glenda anakhala pansi pa mulu wa miyala yofolera. Anatembenuzanso fomu ija n'kuyang'ana kutsogolo kwake, nthawi yaitali. Ndi chala anatsata chilembo chimodzi.

"Rosemary," anatero. "Sankatha kulilemba. Pa khadi lililonse la tsiku langa lobadwa ankaphonya chilembo. Apa walilemba bwino."

"Ayenera kuti anakopera pa pasipoti."

"Chitsiru chimenechi." Anaphimba kukamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinayang'ana kumbali, ku mitengo ya maapozi imene Malcolm anabzala m'mbali mwa mpanda. Ndinaganiza kuti choopsa chadutsa. Koma kenako anadzutsa mutu.

"Pepalali munalitenga kuti?"

Ndikanatha kunena kuti ndinalipeza m'mapepala anga. Bodzalo linali lokonzeka pa lilime, ndipo iye sakanadziwa mpaka kalekale.

"M'chitini. Tsiku lija munabwera kwanga. Inu mukuthira tiyi."

Anandiyang'ana. Ndinamuona akuwerenga masiku.

"Masabata atatu."

"Atatu."

"Ndinakufunsani. Ndinati, anakuuzanipo kanthu? Inu munati simukukumbuka, pepala lili m'thumba, mukumwa tiyi amene ndakuthirirani ine."

"Ndinachita mantha, alamu."

"Musanditchule alamu." Sanakweze mawu. "Za 2005 sindikuimbani mlandu, munanena zimene munkadziwa. Za 2016, kaya, munthu amaiwala, nanenso ndimaiwala. Koma masabata atatu amenewa ndakhala ndikutukwana munthu wosatha kuyankha. Ndamuuza zinthu m'nyumba umu zimene sindingazibweze. Ndinawotcha chipewa chake. Ndinamusiya yekha tsiku la Oyera Onse, mudzi wonse ukuona. Ndipo inu munakamuikira maluwa."



"Ndikhoza kukuthandizani pa zaka zinayi zija," ndinatero. "Ndili ndi kangachepe ku banki. Si ngongole ayi."

"Mukufuna kugula chiyani, a Desmond?"

Aka kanali koyamba kunditchula dzina limenelo m'zaka zonse zimene tadziwana.

"Sitampa yanga ndilipira ndekha. Makalata ndilemba ndekha. Ndikalakwitsa ndilakwitse ndekha." Anapinda fomu ija motsata mizere yake yakale n'kuilowetsa m'thumba la pachifuwa la ovolosi, n'kutseka batani. "Pitani bwino. Chipata mutseke, nkhuku zingatuluke."

Ndinatseka chipata. Ndili mumsewu ndinatembenuka kamodzi. Madzi sanawatsegulenso. Anali chikhalire pa miyala paja, dzanja lili pa thumba.

Nyengo yozizira inadutsa. Nkhaniyo sanauze munthu aliyense, poti anthu anapitiriza kubwera kwanga ndi maenvulopu awo. Ine ndiye ndinasintha kachitidwe. Ndimawawerengera kalata, ndimawaimbira foni ku ofesi iwo ali pomwepo, koma pensulo sindigwiranso pa pepala la munthu. Wina anandifunsa ngati ndayamba kukalamba. Ndinavomera.

Glenda ndinkamuona patali Lachiwiri ku msika. Makina a laimu anagulitsa, makwerero aatali anagulitsanso, galimoto anasunga. Tikakumana maso ankagwedeza mutu pang'ono, monga mmene umachitira ndi munthu amene unakwera naye basi kamodzi.

Kumapeto kwa Malichi ndinapita ku positi ofesi kukagula masitampa a makalata, ndipo ndinamupeza pa mzere, anthu awiri patsogolo panga. Anavala bulauzi yoyera, yositidwa. M'manja anali ndi envulopu yaikulu, adiresi yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Atamaliza anadutsa pafupi nane, akupinda lisiti.

"A Desmond."

"Mayi Thirkell. Zatheka?"

"Zinayi. Ndinaimba foni kasanu, ndinadikira mpaka khutu kutentha, koma zatheka." Anaika lisiti m'chikwama. Mphete inali itabwerera pa chala. "Mtsikana wa pa foniyo anandifunsa chifukwa chake sindinayambe kale. Ndinamuuza kuti mwamuna wanga anafuna, koma panachitika zina."

Anatuluka osadikira yankho.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinapita kukaona manda a Noreen. Nditamaliza kuzula udzu ndinayenda mpaka ku mpanda kuja. Kamtanda ka thabwa kanali katachotsedwa. M'malo mwake munali mwala wakuda wofolera denga, waukulu, mwa imene inatsala pabwalo paja, woimikidwa pa maziko a miyala itatu yomangidwa ndi laimu. Mizere ya laimuyo inali yoongoka, yosalazidwa ndi chala, mmene ankachitira awiriwo pa nyumba za anthu. Zilembo anazigoba yekha ndi tchizulo, ndipo zina zinapendekeka. Panali dzina la Malcolm ndi zaka zake. M'munsi mwake anasiya malo a mzere wina.

Mphika wanga wa maluwa ofiirira uja ndinaupeza pa dzala la pachipata, maluwa atauma kalekale. Ndinakhutula dothi, mphikawo n'kupita nawo kunyumba.